Queen: Oyimba Anayi ndi Khamu Lawo



Amene mumaonera mpira wa ku Ulaya mukudziwa zimene zimachitika timu ikanyamula chikho. Zimkuzamawu za m'bwalo zimatulutsa nyimbo yotchedwa "We Are the Champions", ochemerera n'kumayiyimba manja ali m'mwamba. Mukudziwanso kaphokoso kaja koponda pansi kawiri n'kuwomba m'manja kamodzi, komwe ndi msana wa "We Will Rock You". Nyimbo ziwirizi zinatuluka pa kachimbale kamodzi mu Okutobala 1977, ina mbali iyi, inayo kuseri kwake, ndipo eni ake ndi gulu la ku London lotchedwa Queen. Mfundo yanga madzulo ano ndi imodzi. Queen inali ya anthu anayi, koma polemba nyimbo inkawerengera kuti pali woyimba wachisanu, yemwe ndi khamu la omvera. Nzeru imeneyi inawakweza kuposa anzawo ambiri a nthawi yawo, ndipo nzeru yomweyo inawapititsa kumalo kumene sankayenera kupondako.

Woyimba wawo wamkulu anabadwira ku Africa konkuno. Farrokh Bulsara anabadwa pa 5 Seputembala 1946 ku Stone Town, pa chilumba cha Zanzibar. Makolo ake, Bomi ndi Jer, anali Aparsi ochokera ku Gujarat ku India, a chipembedzo cha Zoroaster, ndipo bambo ake ankasunga ndalama mu ofesi ya boma la atsamunda. Ali ndi zaka 8 anamutumiza kusukulu yogonera komweko ya St Peter's ku Panchgani, ku India, kumene anaphunzira piyano n'kuyamba kutchedwa Freddie. Mu Januwale 1964, chaka chimene ife kuno tinkalandira ufulu wodzilamulira, ku Zanzibar kunabuka kuukira boma la Sultani, ndipo Aluya ndi Amwenye ambiri anaphedwa. Banja la Bulsara linathawira ku England n'kukakhala ku Feltham, pafupi ndi bwalo la ndege la Heathrow. Mnyamata uja anaphunzira zojambulajambula ku Ealing Art College, nagulitsako zovala za kaunjika pa msika wa Kensington, kenako anadzipatsa dzina loti Mercury. Za Zanzibar ndi India sankakonda kukamba pamaso pa atolankhani. Munthu amene anadzaimira nyimbo za Angerezi pa dziko lonse anali wothawa kwawo, ndipo ambiri mwa omukonda sankadziwa n'komwe.

Anzake atatu a m'gululi anali ana a sukulu okhaokha. Roger Taylor, woyimba ng'oma, anayamba maphunziro a udokotala wa mano asanasinthire ku sayansi ya zamoyo. John Deacon, wa gitala ya besi, amene analowa m'gululi mu 1971 patatha chaka chimodzi lipangidwe, anaphunzira za magetsi, ndipo kachimkuzamawu kamene kanapereka mawu odabwitsa m'zimbale zawo zambiri anakalumikiza yekha ndi zipangizo zotola pa zinyalala. Brian May ankachita kafukufuku wa sayansi ya zakuthambo ku Imperial College, za fumbi limene limayandama pakati pa mapulaneti. Anausiya chifukwa cha nyimbo, n'kudzaumaliza mu 2007, tsitsi litachita imvi. Gitala yake, yomwe amayitcha Red Special, anayipanga ndi bambo ake kuyambira mu 1963 chifukwa ya m'sitolo inali yodula. Khosi lake analisema ku thabwa lakalekale la pamalo oothera moto m'nyumba, masipuling'i anawachotsa ku injini ya njinga yamoto, ndipo mpaka lero amayiliza ndi kandalama kakale ka sikisipensi m'malo mwa kapulasitiki. Mukamva gitala ya Queen ikulira ngati mavayolini kapena malipenga, ndi chipangizo chomwecho chojambulidwa kangapo. N'chifukwa chake pa zikuto za zimbale zawo zoyamba ankalembapo modzitama kuti sanagwiritse ntchito makina opeka mawu otchedwa synthesizer.

Zaka zoyamba sindichedwapo. Chimbale choyamba chinatuluka mu 1973, chojambulidwa ku situdiyo ya Trident pa maola amene oyimba otchuka apita kukagona. Mu 1974 nyimbo ya "Killer Queen" inafika pa nambala 2 ku Britain. Koma pofika 1975 anali ndi mbiri popanda ndalama, chifukwa cha mgwirizano umene anasayina ndi owayang'anira awo oyamba. Anatulukamo movutikira, natenga John Reid, manijala wa Elton John, amene anawauza kuti iwo akangojambula chimbale chabwino, za ndalama asiyire iye. Chimbalecho ndi A Night at the Opera, ndipo m'menemo ndi mmene muli "Bohemian Rhapsody".

Nyimbo imeneyi ndi ya mphindi pafupifupi 6, pa nthawi imene mawailesi ankafuna nyimbo ya mphindi zitatu. Ilibe kolasi yobwerezabwereza. Imayamba ndi mawu a anthu okhaokha, imalowa m'piyano yachisoni, kenako imasanduka opera, kenako rock yolemera, n'kutha mwakachetechete. Gawo la opera lija, limene limamveka ngati kwaya ya anthu mazana, linayimbidwa ndi anthu atatu okha, Mercury, May ndi Taylor, pakuti Deacon sankayimba ndi pakamwa. Makina a nthawiyo ankalola mizere 24 yokha pa tepi. Ndiye iwo, pamodzi ndi wojambula wawo Roy Thomas Baker, ankayimba, kuphatikiza mizereyo kukhala umodzi, kuyimbanso pamwamba pake, kwa milungu, mpaka tepiyo inapyapyala moti May akuti ukayiyang'anitsa pa kuwala unkaona kuseri. Akuluakulu a kampani ankakayika ngati wailesi iliyonse ingayiulutse. Koma muulutsi Kenny Everett wa Capital Radio anayiika maulendo 14 pa masiku awiri, anthu n'kuyamba kuyifunsa m'masitolo isanatuluke. Inatuluka pa 31 Okutobala 1975 ndipo inakhala pa nambala 1 kwa milungu 9.

Pamenepa panali vuto limene ndi lofunika pa mfundo yanga. Kwaya ya m'situdiyo ija sakanatha kuyinyamula kupita nayo pa nsanja. Akafika pa gawo la opera, anayi onse ankatsika, magetsi akuthwanima, tepi ikulira yokha, n'kubwerera pamene gitala yolemera ikuyamba. Anali atapanga khamu labodza la mawu awo omwe. Khamu lenileni analipeza mu Meyi 1977 ku Bingley Hall, mumzinda wa Stafford. Atamaliza kuyimba n'kutsika, anthu sanawombe m'manja monga mwa nthawi zonse. Anayamba kuwayimbira nyimbo ya ochemerera timu ya Liverpool, "You'll Never Walk Alone". May amanena kuti kufikira tsiku limenelo gululi linkanyansidwa anthu akamayimba nawo, poganiza kuti abwera kudzamvetsera, osati kudzasokoneza. Usiku umenewo anasintha maganizo. Anadzifunsa kuti munthu wopanikizika pakati pa anzake, wopanda chida chilichonse, angachite chiyani? Angaponde pansi, angawombe m'manja, angafuule. Ndi mmene "We Will Rock You" inabadwira. Mvetserani bwino mukapita kwanu: mulibe ng'oma, mulibe besi, ndipo gitala imangolowa kumapeto. Iwo anaponda pa matabwa m'situdiyo, May n'kuchedwetsa phokosolo mosiyanasiyana pang'onopang'ono, malinga ndi masamu a kayendedwe ka mawu, kuti khutu limve anthu zikwi atabalalika m'bwalo. Mercury naye analemba "We Are the Champions" ndi cholinga chomwecho.

Kwa ife zimenezi si zachilendo. Kuno wotsogolera nyimbo akaiyamba, ena onse amavomera, ndipo nyimbo yopanda ovomera timati yagwa. Koma mu rock ya ku Britain ya zaka zimenezo, magulu ngati Pink Floyd ndi Yes ankafuna omvera akhale phee n'kumasirira luso. Mbali inayo kunali anyamata a punk, monga Sex Pistols, amene ankanyoza Queen kuti ndi akale ndi odzikuza. Queen ndi Sex Pistols anajambulapo nthawi imodzi ku situdiyo ya Wessex mu 1977 momwemo. Atolankhani a nyimbo ambiri anali kumbali ya punk, ndipo Queen anayilemba moipa pafupifupi moyo wake wonse. Ena mpaka ankati munthu mmodzi wolamula manja a anthu zikwi makumi akukumbutsa misonkhano ya olamulira ankhanza. Ine ndikuona kuti ananyanya, ngakhale kuti mantha awo sanali opanda pake.

Mu 1980 anafika pachimake ku America ndi chimbale cha The Game, chojambulidwa ku Munich. Nyimbo ya Deacon, "Another One Bites the Dust", yomwe besi yake inatengera kalizidwe ka gulu la Chic, inakondedwa kwambiri pa mawailesi a anthu akuda, ndipo anali Michael Jackson amene anawalimbikitsa kuti ayitulutse payokha. Mu 1981 anajambula "Under Pressure" ndi David Bowie, natulutsanso Greatest Hits, chimbale chimene mpaka pano ndicho chinagulidwa kwambiri m'mbiri ya Britain. Chaka chomwecho anapita ku South America, kumene magulu akuluakulu a rock sankafikako kawirikawiri, nadzaza mabwalo a mpira ku Buenos Aires ndi ku São Paulo. Argentina nthawi imeneyo inali m'manja mwa asilikali amene ankasowetsa anthu. Queen inati iyo imayimbira anthu, osati maboma. Mawu omwewo anadzawagwiritsanso ntchito patapita zaka zitatu, kufupi ndi kwathu kuno.

Mu Okutobala 1984 Queen inakayimba ku Sun City. Awa anali malo a juga ndi zisangalalo amene Sol Kerzner anatsegula mu 1979 ku Bophuthatswana, limodzi mwa timayiko tija timene boma la tsankho la South Africa linapanga kuti lilande unzika wa anthu akuda. Palibe dziko lina lililonse limene linavomereza kuti Bophuthatswana ndi dziko. Bungwe la United Nations linali litapempha oyimba ndi amasewero kuti anyanyale South Africa, ndipo bungwe la oyimba la ku Britain, Musicians' Union, linali ndi lamulo lomwelo kwa mamembala ake. Eni Sun City ankalipira ndalama zochuluka kuti anthu otchuka aiwale zimenezi, ndipo Frank Sinatra, Rod Stewart ndi Elton John anapitako. Onani mwezi umene Queen inasankha. Kumayambiriro kwa Seputembala anthu a ku Sebokeng ndi Sharpeville anali ataukira kukwera kwa lendi ya nyumba, apolisi n'kuwombera ambiri. Pa 16 Okutobala, Queen ili komweko, kunalengezedwa kuti Bishopu Desmond Tutu alandira mphoto ya Nobel ya mtendere. Mwezi usanathe asilikali zikwi analowa mu Sebokeng kukasecha nyumba ndi nyumba.

Atabwerera kwawo, Musicians' Union inawalipiritsa chindapusa, ndipo dzina lawo linalowa m'kaundula wa United Nations wa oyimba ophwanya kunyanyalako. Iwo anadziteteza kuti m'holo munali anthu a mitundu yonse, kuti iwo si andale, ndiponso kuti anapereka thandizo kusukulu ya ana osamva ndi osaona ya m'deralo. Sindikukayika kuti ankakhulupirira zimene ankanena. Koma apa ndi pamene nzeru yawo ija inawachititsa khungu. Kwa iwo khamu linali khamu basi, kulikonse kumene lasonkhana. Sanafunse kuti ndani walola khamu limeneli kusonkhana, ndani watsala kunja, ndipo chithunzi cha iwo ali pa nsanja chikatumikira ndani. Boma la Pretoria linkafuna chimenecho basi, kuti dziko lione kuti zinthu zili bwinobwino. Roger Taylor anadzavomereza patapita zaka zambiri kuti ulendowo unali wolakwika. Ndisanapitirire, ndinene kuti ife Amalawi tiziweruza nkhaniyi modzichepetsa. Boma la Dr Kamuzu Banda linatsegula ubale wa ukazembe ndi Pretoria mu 1967, iwo eni anakachezako mu 1971, ndipo likulu lathu la Lilongwe linayamba kumangidwa ndi ngongole yochokera komweko. Zifukwa zathu zinali zolemera kuposa za oyimba olemera kale, komabe tinapita.

Patangotha miyezi 9 kunachitika Live Aid, pa 13 Julayi 1985, zoyimbayimba zimene Bob Geldof ndi Midge Ure anakonza kuti apeze ndalama zothandizira anthu ovutika ndi njala ku Ethiopia. Queen inafika ku Wembley mbiri yake itada. Chimbale cha Hot Space cha mu 1982 chinali chitakhumudwitsa otsatira ambiri, ku America anali atazirala nawo, makamaka ataona kanema wa "I Want to Break Free" mmene anayi onse anavala zachizimayi moseka sewero la pa televizoni la Coronation Street, ndipo nkhani ya Sun City inali ikadali yaiwisi. Gulu lililonse linapatsidwa mphindi pafupifupi 20. Ambiri anangobwera n'kuyimba, ena nyimbo zatsopano zimene anthu sankazidziwa. Queen inabwereka holo ya Shaw Theatre kwa masiku angapo n'kumayeserera ndi wotchi, kudula nyimbo iliyonse kuti zisanu ndi imodzi zikwane. Anthu 72,000 amene anali m'bwalomo sanagule matikiti chifukwa cha Queen. Koma itafika "Radio Ga Ga", bwalo lonse linakweza manja n'kuwomba pamodzi monga anaonera m'kanema wa nyimboyo. Kenako Mercury anaima yekha, wopanda chida, n'kumaponya mawu opanda tanthauzo, aafupi, aatali, okwera, otsika, khamu likubweza lililonse. Ntchito imene anayamba ku Stafford inakhwimira pamenepo. Ndinenenso kuti pa chochitika chothandiza Africa chimenechi oyimba a ku Africa sanapatsidwe malo pa nsanja ya Wembley, ndipo anthu anadandaula nazo ngakhale nthawi yomweyo.

Mu 1986 anayenda ulendo wawo womaliza ndi Mercury, mpaka ku Budapest, kuseri kwa malire a mayiko a chikomyunizimu, n'kutsekera ku Knebworth pa 9 Ogasiti. Mu 1987 Mercury anapezeka ndi kachilombo ka HIV. Anauza anthu ochepa okha. Manyuzipepala a ku London ankamusaka ndi makamera, kuyeza kuonda kwake chithunzi ndi chithunzi, iye n'kumakana. Chimene anachita ndi kugwira ntchito. Kuyambira pa chimbale cha The Miracle mu 1989 anagwirizana kuti nyimbo iliyonse izilembedwa kuti ndi ya Queen, osati ya munthu mmodzi. Oyimba amene muli muno mudziwa kulemera kwa zimenezi, pakuti magulu ambiri amapasuka pa nkhani ya ndalama za umwini wa nyimbo. Iwonso zinawavutapo: Taylor ankalandira zofanana ndi Mercury pa kachimbale ka "Bohemian Rhapsody" chifukwa choti nyimbo yake yokamba za galimoto inali kuseri kwake, ndipo anzake anang'ung'udza nazo zaka zambiri. Innuendo inatuluka mu Febuluwale 1991. M'miyezi yotsatira, ku situdiyo yawo ya ku Montreux m'dziko la Switzerland, Mercury ankapempha anzake kuti amulembere chilichonse choti ayimbe mphamvu zikadalipo, iwo adzamalize iye atapita. Nyimbo ya "Mother Love" sanaimalize, ndipo ndime yotsiriza anayimba ndi May.

Pa 23 Novembala 1991 anatulutsa chikalata chonena kuti ali ndi Edzi. Tsiku lotsatira anamwalira kunyumba kwake ku Kensington, ali ndi zaka 45, ndipo mwambo wa maliro anatsogolera ndi ansembe a chipembedzo cha makolo ake. Ena anamudzudzula kuti akanaulula msanga akanathandiza ambiri. Kudera lathu lino tili ndi chitsanzo cha kulimba mtima kotero: malemu Kenneth Kaunda, ali pulezidenti wa Zambia, anauza dziko mu 1987 kuti mwana wawo Masuzyo anamwalira ndi matendawa. Koma ife amene tinamva m'maliro ambirimbiri mawu akuti "anadwala nthawi yaitali" tikudziwa chimene chimatseka munthu pakamwa. Mercury anali ndi katundu wina pamwamba pake, woti ankagonana ndi amuna anzake, m'dziko limene manyuzipepala ena ankalemba za Edzi ngati chilango. Mankhwala ophatikiza amene asandutsa matendawa kukhala oti munthu n'kukhala nawo anafika mu 1996, patatha zaka zisanu iye atapita, ndipo kuno anayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004.

Pa 20 Epulo 1992 atatu otsalawo anachititsa zoyimbayimba zomukumbukira ku Wembley, n'kukhazikitsa thumba la Mercury Phoenix Trust lothandiza polimbana ndi Edzi. Pa 29 Novembala 2003 May ndi Taylor anabwereranso ku South Africa, ulendo uno ku Green Point Stadium ku Cape Town, ali m'gulu la okonza chochitika cha 46664, chotchedwa ndi nambala ya ukaidi ya a Nelson Mandela, cholimbana ndi matenda omwewa. Panali patadutsa zaka 19 kuchokera pa Sun City. Kwawo kwa Mercury nkhani yake ikadali yovuta. Mu 2006 phwando lokumbukira zaka 60 za kubadwa kwake ku Zanzibar linalephereka gulu lachisilamu la Uamsho litatsutsa, ngakhale kuti mu 2019 ku Stone Town kunatsegulidwa nyumba yosungiramo mbiri yake, ndipo alendo amapitako.

Achinyamata ambiri muno munaidziwa Queen kudzera mu filimu ya mu 2018, imene Rami Malek analandira nayo mphoto ya Oscar. Muyionere nyimbo, koma musaphunzirepo mbiri. Imaonetsa Mercury akuuza anzake za matenda ake Live Aid isanachitike, pamene anapezeka nawo patatha zaka ziwiri. Imaonetsanso ngati gululi linali litapasuka, chonsecho linali litangomaliza ulendo woyimba miyezi iwiri m'mbuyomo. Za Sun City mulibemo ngakhale pang'ono.

Funso limene otsatira ake amakangana nalo ndi loti kodi Queen popanda Mercury ndi Queen? May ndi Taylor anayankha popitiriza, poyamba ndi Paul Rodgers, kenako ndi Adam Lambert, ndipo mabwalo akhala akudzazabe. Ngati mfundo yanga ili yoona, m'pomveka, chifukwa gawo lalikulu la nyimbozo analembera anthu ogula matikitiwo. Mu 2024 kampani ya Sony inagula umwini wa nyimbo zawo pa mtengo umene malipoti anati ndi pafupifupi mapaundi 1 biliyoni. John Deacon anayankha funsoli mwa njira ina. Anayimba nawo komaliza mu 1997, n'kupachika besi yake. Sanapite ngakhale ku mwambo wolowetsa gululi mu Rock and Roll Hall of Fame mu 2001, salankhula ndi atolankhani, ndipo anzake awiri amati amangowalola kuchita zimene akufuna, gawo lake la ndalama likumufikira.